Zitseko zagalasi za m'shawa: fakitale yoyenera kuodako mungaidziwe bwanji?

Funso: "Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Lilongwe. Makontilakita omanga mafulati komanso eni malo ogona alendo kunyanja akhala akundifunsa zitseko zagalasi za m'shawa, zopangidwa motsatira muyeso wa bafa lawo. Ndalandira mitengo kuchokera ku makampani atatu: ina ya ku Foshan, ina ya ku Zhongshan (mizinda iwiriyi ili ku China), ndi ina ya ku Johannesburg. Ya ku Foshan mtengo wake ndi pafupifupi theka la wa ku Johannesburg, koma zithunzi zonse n'zokongola mofanana. Ndiwasiyanitse bwanji ndisanatumize ndalama?" Wafunsa ndi mayi wina wa bizinesi.

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli. Zithunzizo ziikeni kaye pambali. Galasi ndi chitsulo chonyezimira zimakongola pa foni ngakhale zitapangidwa mwachisawawa, ndipo si zachilendo kupeza chithunzi chimodzimodzi m'makatalogi a makampani angapo. Paja chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Nkhani yonse ya malonda amenewa yagona pa khalidwe la galasilo. Galasi la chitseko cha shawa limayamba ladulidwa, kusalazidwa m'mbali ndi kubooledwa mabowo onse a mahinjesi ndi chogwirira, kenako n'kulowa m'ng'anjo yotentha madigiri opitirira 600, n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi ndi mphepo yamphamvu. Likatuluka mmenemo limakhala lolimba kanayi kapena kasanu kuposa galasi wamba la pazenera, ndipo likasweka limayoyoka timiyala ting'onoting'ono m'malo mwa zidutswa zazikulu zakuthwa zocheka munthu. Pa makalata a mitengo mwalandirawo mupeza alemba tempered kapena toughened. Ndi chinthu chimodzi. Koma galasi lowotchedwa chonchi silidulidwanso, silibooledwanso. Mukangoliyesa ndi chodulira, lonse limaphulika. Chitseko chathabwa chikakula kalipentala amachipala n'kulowa. Chagalasi chikakula ndi mamilimita 5 okha, chathera pomwepo, ndipo wolipira ndinu.

Ndiye mayeso oyamba amene ndingawapatse atatuwo alibe mtengo uliwonse. Atumizireni muyeso wa bafa limodzi lenileni, koma lokhala ndi khoma lopendekeka, mwachitsanzo m'lifupi mamilimita 903 pamwamba ndi 891 pansi. Musawauze kanthu, ingodikirani. Fakitale yodziwa ntchito ibwera ndi mafunso: khoma lopendekekalo ndi la mbali iti, mwayeza matailosi ataikidwa kale kapena asanaikidwe, chitseko chizitsegukira kumanja kapena kumanzere, pansi pali kakhoma kotchinga madzi kapena ndi fulati, mpope wa shawa waloza kuti. Kenako itumiza chojambula chosonyeza kukula kwa galasi lililonse, malo a bowo lililonse, ndi mipata imene asiya pakati pa galasi ndi khoma, n'kukuuzani kuti musayine asanadule. Amene angokuyankhani ndi mtengo ndi mawu okoma, osazindikira n'komwe kuti miyeso iwiri ija ikusiyana ndi mamilimita 12, mwamudziwiratu. Pa chojambulacho yang'ananinso mabowo. Lamulo la ntchitoyi limati bowo lisayandikire m'mphepete kuposa kawiri kuchindikala kwa galasi, ndipo bowolo lisachepe kuposa kuchindikala kwa galasilo. Komanso alembe okha kuti muyeso ungaphonye ndi zingati. Mamilimita 1 kapena 2 ndiye malire, ndipo zikhale m'pangano osati pa WhatsApp pokha.

Apa ndiyenera kukuuzani maganizo anga mosabisa, chifukwa akhoza kusintha funso lanu lonse. Makoma athu ambiri saongoka. Pulasitala amaikidwa ndi diso, matailosi n'kubwera pamwamba pake, ndipo muyeso wa pa pulani sugwirizana ndi umene tepi ipeze. Muyeso wodalirika ndi wotengedwa matailosi atatha, pamalo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, levulo ili m'manja. Tsono kuyambira tsiku limene mwalipira mpaka kontena yochokera ku China itafika ku Lilongwe, muwerengere miyezi itatu kapena kuposa. Kontilakita amene wamaliza matailosi sangadikire miyezi itatu, ndipo galasi limodzi likalakwika sangadikire ina itatu. Choncho zitseko zoyezera bafa limodzilimodzi, makamaka zija zopanda felemu zimene eni malo ogona alendo amazikonda, sindingakulangizeni kuzioda kutali chotero. Ku China odaniko zitseko za miyeso yodziwika, monga mamilimita 800, 900, 1000 ndi 1200, zokhala ndi felemu ya aluminiyamu ya kukhoma imene imalola kusuntha mamilimita 15 kapena 20 kuti imeze kupendekeka kuja. Omanga mafulati muziwapatsiratu miyesoyo kuti amange bafa motsatira chitseko. Odaninso kumeneko mahinjesi, zogwirira ndi malabala ambiri. Pomwe magalasi a muyeso wapadera muziwatenga pafupi, ngati kwa a ku Johannesburg aja, kumene thiraki yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza imafika m'masabata osati miyezi. Mwina simukufunika kusankha mmodzi mwa atatuwo. Mukufunika awiri, aliyense pa ntchito yake.

Kuti a ku Foshan ndi a ku Zhongshan ali m'madera amenewo si chodabwitsa. Mizinda iwiriyi ili m'chigawo cha Guangdong ndipo ndi kuchimake kwa zipangizo za m'bafa, limodzi ndi madera ena a ku Zhejiang monga Pinghu. Koma adiresi ya ku Foshan siitanthauza kuti munthuyo ali ndi fakitale. Ambiri amene amayankha pa Alibaba, msika wa pa intaneti wa ku China, ndi makampani ongogula kwa ena n'kugulitsa. Pemphani chithunzi cha laisensi yawo ya bizinesi. Imakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 18, ndipo imalemba ngati ntchito yololedwa ndi yopanga katundu kapena yongogulitsa. Wodziwa Chitchaina akhoza kukutsimikizirani pa kaundula wa boma la China wa pa intaneti. Kenako aimbireni vidiyo nthawi ya ntchito, osapangana tsiku, muwauze ayende nanu kuchokera pageti pamene pali dzina la kampani mpaka pamene akulongedza katundu. Kampani yongogulitsa si yoipa payokha. Pa oda yaing'ono yosakaniza zinthu imathandiza. Choipa ndi kunama, chifukwa chitseko chikalakwika mudzakhala mukudandaulira munthu amene alibe mphamvu pa makina. Dziwaninso kuti mafakitale ambiri a zitseko sawotcha okha galasi, amaligula kwa anzawo. Palibe vuto, bola akuuzeni dzina la wowotchayo, poti satifiketi ya galasi imakhala m'dzina lake.

Za masatifiketi tisatayepo nthawi yambiri. Galasi lililonse likhale ndi chidindo chosafufutika pakona. A ku South Africa amatsatira SANS 1263, a ku China ali ndi chizindikiro cha CCC, ku Ulaya ndi EN 12150 pa galasi ndi EN 14428 pa chitseko chonse, ku America ndi ANSI Z97.1. ISO 9001 imene ambiri amaionetsa patsogolo imangonena za kayendetsedwe ka kampani, siinena kanthu za chitseko chanu. Akakutumizirani lipoti la mayeso, onani ngati dzina, chaka ndi kuchindikala kwa galasi zikugwirizana ndi zimene mukugula, ndipo nambala ya lipotiyo muitumize ku labu imene yalembedwapo kuti aivomereze.

Pepala likhoza kujambulidwa, n'chifukwa chake sampulo muigule ndi ndalama zanu, ndipo mupemphe magalasi awiri kapena atatu ang'onoang'ono owonjezera oti muswe. Musanaswe, litulutseni padzuwa muvale magalasi a m'maso a dzuwa aja otchedwa polarised: galasi lowotchedwa limaonetsa timadontho kapena mizere yakuda yosiyidwa ndi mphepo yoziziritsa ija. Yendetsani chala m'mphepete ndi m'kati mwa mabowo, musamve kukhakhala kapena kabenthu. Liyang'aneni chammbali ngati silinapindike. Kenako ligonekeni pansi, mulimate tepi kunsi kuti zidutswa zisabalalike, muvale zoteteza maso ndi manja, n'kuligogoda ndi chitsulo chosongoka pafupi ndi m'mphepete, pakatikati pa mbali yaitali. Limachita phokoso kamodzi, lonse n'kusanduka ukonde woyera. Pezani pamene zidutswa zikuoneka zazikulu kwambiri, kutali ndi pamene munagogoda, mujambulepo bokosi la mamilimita 50 mbali zonse, muwerenge. Muyezo wa EN 12150 umafuna zidutswa zosachepera 40 pa galasi lochindikala mamilimita 4 mpaka 12. Mukapeza zochepa, kapena zazitali zosongoka, ng'anjo yawo siigwira bwino ntchito, ndipo galasi limenelo lidzavulaza mlendo wamaliseche wosavala nsapato.

Mudzamvanso nkhani ya magalasi ophulika okha usiku popanda wowakhudza. Zimachitikadi. Nthawi zina chimayambitsa ndi kanjere kosaoneka ka nickel sulphide kamene kamatsalira m'galasi n'kumafufuma pang'onopang'ono. Pali njira yotchedwa heat soak, ya muyezo wa EN 14179, pamene magalasi amabwezedwa mu uvuni kwa maola awiri kuti ofookawo aphulikire ku fakitale komweko. Imachepetsa vutoli koma siilithetseratu, ndipo imakweza mtengo. Pa oda ya hotela ndingaifunse, limodzi ndi pepala la pulasitiki lomata pagalasi logwira zidutswa. Komabe kawirikawiri galasi limaswekera m'mphepete mobenthuka paulendo, kapena pa hinjesi yomangidwa mopitirira muyeso popanda labala, chitsulo n'kukhudzana ndi galasi.

Tsopano mtengo wa theka uja. Pa galasi pokha kusiyana sikungafike pamenepo pokhapokha wina akupatsani la mamilimita 6 pamene mnzake walemba 8 kapena 10, choncho yambani mwayerekeza zimenezo. Kwinako kumabisala m'zitsulo, ndipo apa ndi pamene muyenera kukhalitsa.

Galasi ndi lolemera. Sikweya mita imodzi imalemera makilogalamu 2.5 pa milimita iliyonse ya kuchindikala. Chitseko cha mamilimita 900 m'lifupi ndi 2000 m'litali chimalemera makilogalamu 36 chikakhala cha mamilimita 8, ndipo 45 chikakhala cha 10. Katundu yenseyo amalendewera pa mahinjesi awiri, m'chinyontho, akutsegulidwa tsiku ndi tsiku. Hinjesi yabwino imakhala ya brass yokutidwa ndi chrome, kapena ya stainless steel ya nambala 304. Yotchipa imakhala ya zinc, yonyezimira chimodzimodzi ili yatsopano, koma pakapita nthawi imatuluka matuza n'kuyamba kufumbutuka. Tengani hinjesi ya sampulo, muikwanye ndi fayilo kumbuyo kwake mpaka mupyole chonyezimiracho. Brass imaonetsa chikasu, zinc imaonetsa mtundu wotuwa, ndipo m'manja zinc imapepukirapo. Funsaninso kuti mahinjesi awiri amanyamula makilogalamu angati ndiponso chitseko chachikulu bwanji. Wopanga weniweni amakhala ndi manambala amenewa pamutu.

Pa stainless steel chinyengo chofala ndi kukupatsani 201 m'malo mwa 304. Ya 304 imakhala ndi chromium pafupifupi 18 peresenti ndi nickel pafupifupi 8 peresenti. Mu 201 nickel ndi wochepa, analowetsamo manganese, ndipo m'bafa imachita dzimbiri. Anthu ambiri amayesa ndi maginito, koma maginito sathandiza apa chifukwa zonse ziwiri sizigwira maginito kwenikweni. Pali timabotolo ta mankhwala odontheza pachitsulo amene amasintha mtundu pa 201, ndipo makampani oyendera katundu ali ndi kamakina ka m'manja kowerenga zimene zili m'chitsulo. Musaiwale masikuluwu. Ena amakupatsani chogwirira cha 304 koma masikuluwu achitsulo wamba, ndipo mzere woyamba wa dzimbiri pa matailosi oyera umachokera pamenepo. Wogulitsa akakukakamizani 316 yodula ponena kuti makasitomala anu ali kunyanja, dziwani kuti 316 ndi ya malo a mchere ngati Beira kapena Durban. Nyanja ya Malawi ilibe mchere wotero. Ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay 304 ndi yokwanira. Mdani wa zitsulozi kwathu kuno ndi mankhwala a klorini ochapira m'bafa akasiyidwa osatsukuluza, ndi madzi a m'mijigo ina amene amasiya zoyera pagalasi. Mankhwala opaka pagalasi oti madzi azitsetsereka, amene amawatcha nano kapena easy clean, amathandiza koma amatha, choncho musalonjeze kasitomala kuti ndi amuyaya. Zitsulo zakuda zimene zatchuka masiku ano funsani ngati mtunduwo ndi wa PVD, wokutidwa pachitsulo ndi makina mosachoka msanga, kapena ndi penti chabe, ndipo sampuloyo muikande ndi kiyi pamalo obisika muone.

Zitseko zotsetsereka moyo wake uli pa timawilo. Chotsani kamodzi mukazungulitse ndi chala, kaziyenda mosalala osagwedera, ndipo timipira ta m'kati tikhale tosachita dzimbiri. Pakhalenso kotchinga kuti chitseko chisadumphe panjanji. Felemu ya aluminiyamu muiyeze kuchindikala. Pansi pa milimita imodzi imapindika ndi dzanja. Zitseko za mahinjesi zizitha kutsegukira kunja, kuti munthu akakomoka m'kati asatsekereze chitseko ndi thupi lake.

Mukakhutira ndi sampulo, muisayine, imodzi ikhale kwa inu ina kwa iwo, ndipo pangano linene kuti katundu yense afanane nayo. Yambani ndi oda yaing'ono ngakhale mtengo wa chimodzi ukwere. Kalipiridwe kofala ndi 30 peresenti poyamba, 70 yotsalayo katundu akatha. Yotsalayo musaitulutse munthu wanu asanaone katunduyo. Makampani monga SGS, Bureau Veritas ndi Intertek amatumiza woyendera ku fakitale, amasankha yekha makatoni oti atsegule, amayeza, amamanga chitseko chimodzi kuti aone ngati mabowo akukumana ndi mahinjesi, n'kukutumizirani lipoti la zithunzi. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kontena. Fakitale yokana woyendera, isiyeni. Ndalama muzitumiza ku akaunti ya dzina lomwe lili pa laisensi ndi pa pangano, ndipo imelo ikabwera yonena kuti akaunti yasintha, imbani foni pa nambala imene mukuidziwa kale musanachite chilichonse. Akuba ambiri amadzera pomwepo. Kumbukiraninso kuti nyengo ya chaka chatsopano cha ku China, kumapeto kwa January kapena mu February, mafakitale amatseka kwa masabata angapo, ndipo oda yothamangitsidwa kuti ituluke holideyo isanafike ndiyo imachuluka zolakwika.

Mbali yathu ili ndi zake. Mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza. Kambiranani ndi banki za 70 peresenti ija musanapereke ya 30, chifukwa mukachedwa kumaliza, mapepala a katundu satuluka, kontena imakhala padoko ndalama zosungira zikuwerengedwa tsiku lililonse. Amene anali ndi ngongole ya madola mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, angakuuzeni mmene phindu limasungunukira pakati pa malipiro awiriwa. Ejenti wanu wokiliya katundu akuwerengereni msonkho wa MRA ndi zofunika za Malawi Bureau of Standards pa njira zonse ziwiri. Katundu wopangidwadi ku South Africa akhala ndi satifiketi ya SADC yosonyeza kumene wachokera, imene imachepetsa msonkho, koma afunseni a ku Johannesburg ngati zitsekozo akupanga okha kapena nawonso akuzitenga ku China. Mukaphatikiza zonsezi, theka lija likhoza kufupika ndithu.

Kalongedzedwe kafunseni ndi zithunzi. Galasi limayenda choimirira, osati chogona, makona atavekedwa zotetezera, pakati pa galasi ndi linzake pali chofewa, m'makireti olimba omangiriridwa kuti asasunthe. Makireti a plywood ndi osavuta pa boda; a matabwa wamba amafunika chidindo cha ISPM 15 chosonyeza kuti anaphedwa tizilombo. Panyanja katundu amayenda bwino. Mayeso enieni ndi msewu wochokera ku Beira kudzera ku Tete mpaka ku Mwanza kapena Dedza, kapena wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Auzeni a fakitale kuti katunduyo ayenda mtunda wautali pa thiraki m'misewu ya maenje. Ambiri amalongedza poganizira kasitomala wokhala pafupi ndi doko. Ndipo pa magalasi ochindikala kulemera kumayamba kukwana malo m'kontena asanathe: maseti 300 a chitseko ndi galasi loima pambali, lililonse la makilogalamu 36, afika kale matani 21 ndi theka tisanawerengere zitsulo ndi makireti.

Samalani ndi mawu oti CIF Beira. Ambiri amaganiza kuti wogulitsa ndiye ali ndi udindo mpaka ku Beira. Ayi. Iye amalipira sitima ndi inshuwalansi, koma chiopsezo chimakhala chanu kuyambira pamene katundu wakwera sitima ku China, ndipo inshuwalansi imene amakakamizidwa kugula ndi yotsikitsitsa, ya Institute Cargo Clauses C, imene siilipira galasi longosweka m'njira. Pemphani ya Clauses A, yofika mpaka ku nyumba yanu yosungira katundu ku Lilongwe, ndipo alembe momveka kuti kusweka kwa galasi kuli momwemo. Potsitsa katundu jambulani vidiyo kuyambira pamene loko wa kontena akudulidwa.

Chitsimikizo cha zaka 5 kapena 10 chimene alemba pa katalogi chiwerengeni modekha. Nthawi zambiri chimatanthauza kuti adzakuikirani chosinthira m'kontena yotsatira, mtengo wonyamula ndi wanu. Kasitomala wa ku Salima amene kawilo kathyoka sadziwa za Foshan, amadziwa shopu yanu. Choncho pa oda yoyamba yomweyo muonjezere timawilo, mahinjesi, zogwirira, masikuluwu, malabala a m'mbali ndi a pansi ndi aja a maginito otsekera. Malabalawa amauma n'kuchita chikasu pakapita zaka zochepa, ndipo amapangidwa motsatira kuchindikala kwa galasi, moti la 6 silingagwire pa galasi la 8. Kuti stoko isakusokonezeni, sankhani kuchindikala kumodzi kapena kuwiri basi, mitundu ya zitsulo iwiri, ndi zitseko zimene zingamangidwe kumanja kapena kumanzere. Ndipo muwafunse onse atatu funso ili, ayankhe polemba: mtundu wa kawilo ndi hinjesi umenewu mudzakhala mukuupangabe kwa zaka zingati, ndipo mukadzausintha, watsopanoyo adzalowa m'mabowo omwewa?